Chiperoni sichibwera mozemba

Chaka china, chakumapeto kwa mwezi wa Meyi, azakhali anga a ku Thyolo anachapa mabulangete onse a m'nyumba mwawo tsiku Lachinayi. Chifukwa chake chinali chomveka. Pa Sabata kunkabwera alendo a kwaya, ena oti agone konko, ndipo mabulangetewo anali atakhala m'sutikesi kuyambira Ogasiti wa chaka chinacho, akununkha chinyontho. M'mawa wa tsikulo kunacha bwino, kumwamba kopanda ndi kamtambo komwe. Pofika masana mphepo inatembenuka. Madzulo phiri silinkaonekanso, nkhungu itatsika mpaka m'minda ya tiyi, kamvula kamawawa kakuwaza. Chiperoni chinali chitafika, ndipo chinakhala masiku anayi.

Mabulangete aja sanaume. Usiku wa Lachisanu, banja litatsegulira Sabata, ana anakagona atafunda zitenje. Bambo wa pakhomopo, poona ana akunjenjemera, analowetsa mbaula ya makala kuchipinda kwawo, natseka chitseko ndi zenera kuti kutentha kusathawe. Mwayi unali wakuti mwana wamkulu anadzuka pakati pa usiku akusanza, mutu ukumuwawa ngati ung'ambika, nakwawira kuchipinda kwa amayi ake. Atatsegula chitseko anapeza ana enawo ali lefuu, ovuta kudzutsa. Anawatulutsira panja pa mawawa pomwepo, kenako kuchipatala. Onse anachira.

Kwathu nkhaniyi imakambidwa ngati ya mbaula, ndipo m'pomveka. Koma ine ndikaiganizira ndimabwerera pa chingwe choyanikira zovala Lachinayi lija. Azakhali akanachapa Lolemba, mabulangete akanauma, mbaula sikanalowa kuchipinda. Masiku ano kuzizira kwa mtundu umenewu akatswiri a zanyengo amakuona kukadali masiku asanu, nthawi zina kuposerapo. Koma ambirife timatchera khutu ku zanyengo m'dzinja mokha, pofuna kudziwa za mvula yobzalira. Chimanga chikangolowa m'nkhokwe, wailesi ikayamba kunena zanyengo ndi nthawi yomwe timanyamuka kukapakula nsima.

Kuzizira koyamba kumatipeza tili chimanjamanja

Munthu wa ku Finland atamva kuti ku Dedza kwazizira mpaka madigiri 7 akhoza kuseka. Koma kafukufuku wina wofalitsidwa mu 2003, amene anayerekeza mayiko 14 a ku Ulaya, anapeza zodabwitsa. Dziko limene imfa zinkakwera kwambiri m'nyengo yozizira linali Portugal, kumene chisanu chake n'chochepa. Kumeneko zinkakwera ndi 28 pa 100 alionse, pomwe ku Finland, kumene madzi a m'nyanja amauma gwa, zinkakwera ndi 10 yokha. Kusiyana kwakukulu kunali pa nyumba. Anthu odziwa kuti kwawo kumazizira amamanga nyumba zosunga kutentha. Amene amati kwathu n'kofunda amamanga nyumba zoti mphepo izidutsa.

Ifeyo tili mbali ya Portugal. Nyumba zathu zambiri n'zamalata opanda siling'i, pansi pasimenti, pakati pa khoma ndi denga pali mipata. Mu Okutobala mipatayo timaiyamikira. Mu Juni, kuzizira kwa panja kumalowa ngati palibe khoma. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti m'nyengo yozizira m'nyumba musamatsike pansi pa madigiri 18. Koma ku Dedza, Mzuzu, Lilongwe ndi m'madera ena okwera, usiku wa Juni ndi Julayi panja pamatsika pansi pa madigiri 10 kawirikawiri, ndipo chipinda cha malata okhaokha chimasiyana pang'ono ndi panjapo.

Thupi likazizidwa, mitsempha yaing'ono ya pakhungu imafinyika kuti kutentha kusungike m'kati. Magazi amayamba kuthamanga, mtima n'kumagwira ntchito yoposa ya masiku onse. Kwa wachinyamata zimenezi si kanthu. Kwa agogo amene ali kale ndi BP, ndi m'masiku otere mmene sitiroko ndi matenda a mtima zimakonda kugwera. Wodwala mphumu amabanika ndi mpweya wozizira. Khanda, lomwe silitha kunjenjemera mokwanira kuti lidzitenthetse, limangozizira mwakachetechete.

Kuzizira kwa mu Julayi n'kwakukulu kuposa kwa mu Meyi, komatu kumatipeza titakonzeka: mabulangete ali pabedi, nkhuni zouma zili pakhonde, aliyense akudziwa pamene pali chipewa chake. Koyamba kuja kumapeza juzi ya mwana itachepa, masokosi atasowa amodzi, mankhwala a mphumu atatha mu Febuluwale osaonjezera. Ndipo zimene banja losakonzeka limachita mothamanga pakati pa usiku n'zimene zimapha kuposa kuzizira kwenikweniko.

Ulendo wochokera ku Cape

Chiperoni chinatenga dzina lake ku phiri la Chiperone la m'chigawo cha Zambezia ku Mozambique, chifukwa kwa munthu wa ku Mulanje kapena ku Blantyre mitambo yake imatulukira mbali imeneyo. Koma gwero lake lili kutali kwambiri, kum'mwera kwa Afirika yense, pa nyanja yozizira imene ili pakati pa South Africa ndi Antarctica. M'miyezi ya Meyi mpaka Ogasiti mikuntho ya kumeneko imasendera chakumpoto. Mzere wa mpweya wozizira umayamba kugunda ku Cape Town, kubweretsa mvula ndi mphepo, kenako n'kutsata gombe kulowera chakum'mawa.

Chofunika kwa ife ndi chimene chimatsatira pambuyo pa mzerewo. Kumabwera chimulu chachikulu cha mpweya wolemera, chimene akatswiri amati high pressure, chotambalala makilomita masauzande. Kuno kum'mwera kwa dziko lapansi mphepo imazungulira chimulu chotere mosemphana ndi mmene mivi ya wotchi imayendera. Chikakhazikika cha ku gombe la Durban ndi Maputo, ife timakhala kumpoto kwake, ndiye mphepo imatifika kuchokera kum'mwera chakum'mawa. Imadutsa kaye pa nyanja ya mchere n'kutenga chinyontho, kenako n'kukwera mtunda. Ikafika pa mapiri a Mulanje, Thyolo ndi Zomba imakakamizika kukwera, imazizira, chinyontho chija n'kusanduka nkhungu ndi mawawa. Mphepo yomweyo ikalowa m'chigwa cha nyanja ya Malawi imawomba motsata kutalika kwa nyanjayo popanda choitchinga, ndipo asodzi amaitcha mwera.

Kuchokera ku Cape Town kufika ku Blantyre ndi mtunda woposa makilomita 2,500, ndipo mpweyawo umatenga masiku angapo kuti uuyende. Amene muli ndi ana kapena abale ku Joni mwina munaziona kale: akadandaula pa WhatsApp kuti kuno kwazizira koopsa, sipapita masiku ambiri kuno kumayamba kuwomba. Si mkuntho uliwonse wa ku Cape umene umabala chiperoni. Zimadalira mphamvu ya chimulu chotsatira chija ndi malo amene chakhazikika. Koma chiperoni chenicheni sichibwera popanda chimuluchi, ndipo chinthu chachikulu chotero sichingayende mobisala.

Apa pali nkhani yabwino imene ambiri saidziwa. Mvula ya mabingu ya mu Disembala n'njovuta kuilosera, chifukwa mtambo wake umabadwa masana, n'kuvumbitsa mudzi umodzi n'kusiya wina, pofika madzulo watha. N'chifukwa chake anthu ena anataya chikhulupiriro mwa a zanyengo. Kuzizira kwa mu Juni n'kosiyana. Kumayenda ndi zinthu zikuluzikulu, zoyenda pang'onopang'ono, zooneka bwino kuchokera kumwamba. Munthu amene anakhumudwapo ndi ulosi wa mvula asaganize kuti wa chiperoni ndi chimodzimodzi.

Mmene amaonera za mlungu wamawa

Kulosera zanyengo kulibe matsenga, ndipo sikufanana ndi kuombeza kumene Malemba amaletsa. Ndi masamu. Choyamba amayeza mmene mpweya ulili lero. Masetilaiti ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 36,000 amajambula mitambo usana ndi usiku. M'malo mazana angapo pa dziko lapansi amaulutsa mabaluni onyamula zoyezera, ambiri kawiri pa tsiku, nthawi imodzi dziko lonse: 2 koloko ya usiku ndi 2 koloko ya masana pa nthawi ya kuno. Ndege ndi sitima zapamadzi nazo zimatumiza zimene zayeza. Kenako kompyuta imagawa mlengalenga m'timabokosi tambirimbiri n'kuwerengera, motsata malamulo a chilengedwe, mmene mpweya wa m'kabokosi kalikonse usunthire m'mphindi zikubwerazo. Imabwereza masamuwo mpaka itafika tsiku lakhumi kapena lakhumi ndi chisanu.

Mmodzi mwa amene anayamba kuganiza zimenezi, Mngelezi wina dzina lake Lewis Fry Richardson, anayesa masamuwo pamanja. Ulosi wa maola sikisi okha unamutengera milungu sikisi, ndipo unalakwika. M'buku lake la mu 1922 anawerengera kuti pangafunike anthu 64,000 owerengera limodzi kuti masamu athamange mofanana ndi nyengo. Makompyuta ndiwo anadzathetsa vutoli. Mu 1975 mayiko a ku Ulaya anakhazikitsa bungwe la ECMWF, lomwe likulu lake lili ku Reading ku England, kuti lilimbane ndi ulosi wa masiku apakatikati, kuyambira tsiku lachitatu mpaka cha m'ma milungu iwiri. Linayamba kutulutsa ulosi wotere mu 1979. Kuyambira nthawi imeneyo, pa zaka khumi zilizonse akatswiri akhala akuonjezera pafupifupi tsiku limodzi la ulosi wodalirika. Mbali yathu ino ya kum'mwera inali m'mbuyo kwa zaka zambiri chifukwa n'njodzala nyanja zopanda zoyezera, koma masetilaiti anadzatseka mpatawo.

Pali malire amene kompyuta, ingakule bwanji, singawadumphe. Mu 1961 katswiri wa ku America, Edward Lorenz, pobwereza masamu ena a zanyengo analemba 0.506 m'malo mwa 0.506127, poganiza kuti kusiyana kochepa chotero kulibe kanthu. Poyamba zotsatira zinafanana, koma m'kupita kwa masiku a m'masamuwo zinasiyana mpaka kukhala nyengo ziwiri zosafanana n'komwe. Popeza palibe amene angayeze mpweya wa dziko lonse molondola kotheratu, kalakwidwe kakang'ono ka lero kamakula tsiku ndi tsiku. Pofika milungu iwiri, kunena za tsiku lenileni kumakhala kungoyerekeza.

Akatswiri anapeza njira yokhalira ndi vutoli. Kuyambira mu 1992, m'malo moyendetsa masamu kamodzi, amawayendetsa kambirimbiri, nthawi iliyonse atasintha pang'ono poyambira. A ECMWF amawayendetsa ka 51. Zili ngati kufunsa njira kwa anthu 51. Ngati 45 mwa iwo akuloza kumodzi, nyamukani. Ngati agawanika pakati, dikirani mufunsenso mawa. Mukamva wolengeza akunena kuti pali mwayi waukulu woti kuzizire kumapeto kwa mlungu, mawu akuti mwayi waukuluwo amachokera pamenepa.

Kuumva bwino ulosi

Kuno kwathu nthambi ya boma yoona zanyengo ndi kusintha kwa nyengo, imene likulu lake lili ku Blantyre, imatulutsa ulosi wa tsiku ndi tsiku komanso wa masiku angapo, ndipo imachenjeza za chiperoni ndi mwera kudzera pa wailesi ndi pa Facebook. Mafoni ambiri nawo ali ndi kapulogalamu koonetsa nyengo ya masiku 7 kapena 10. Bungwe la NOAA la ku America limati ulosi wa masiku asanu umalondola pafupifupi ka 9 pa 10, wa masiku 7 ka 8 pa 10, pomwe wa masiku 10 kapena kuposa umalondola theka chabe. Ziwerengerozi n'za kwawo, koma dongosolo lake ndi lomweli kulikonse: kutali kumaoneka mwachimbuuzi.

Ine ndimazigawa motere. Foni ikaonetsa kuti masiku 8 kapena 10 akubwerawa kuzizira, ndimangoika m'maganizo. Mawa ndi mkuja ndimayang'ananso. Ngati kuzizirako kukuonekabe, ngakhale tsiku lake likusuntha, pena Lachitatu pena Lachinayi, ndimadziwa kuti kukubwera ndithu. Ngati kwaoneka lero mawa n'kusowa, ndiye kuti anthu 51 aja sanagwirizane. Pakatsala masiku asanu ndi nthawi yogwira ntchito. Pakatsala awiri, mukhoza kukhulupirira ngakhale tsiku lake.

Musakangamire pa nambala imene foni yalemba. Timabokosi ta kompyuta yabwino kwambiri ndi ta makilomita pafupifupi 9 mbali iliyonse, ndiye phiri, dambo ndi msika wa kwanu zonse zimalowa m'kabokosi kamodzi n'kupatsidwa nambala imodzi. Chonsecho mukakwera mamita 1,000 kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. N'chifukwa chake tsiku lomwe ku Dedza, pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, anthu avala majuzi awiriawiri, ku Nsanje akuyenda ndi malaya okha. Usiku wopanda mphepo zimatembenuka pang'ono: mpweya wozizira, pokhala wolemera, umatsetsereka n'kukadikha m'madambo ngati madzi, moti nyumba ya m'mbali mwa mtsinje imazizira kuposa ya pachitunda. Chimene muyenera kuona pa foniyo ndi kusintha kwake. Ngati lero yalemba 14 usiku, Lachisanu n'kulemba 8, kutsika kwa madigiri 6 kumeneko n'koona, ngakhale kwanu manambala enieni atakhala ena. Zinazo mukudziwa ndinu, amene mwakhala pamalopo zaka zambiri.

Pa WhatsApp pamayendanso mauthenga opanda mwini onena kuti kubwera chisanu chimene sichinaonekepo chiyambire, ena mpaka kutchula tsiku la mwezi wamawa. Wina wotchuka umati kuzizira kudzakula chifukwa dziko latalikirana ndi dzuwa. N'zoona kuti kumayambiriro kwa Julayi dziko limakhala patali pang'ono ndi dzuwa, koma zimenezi zimachitika chaka chilichonse, ndipo nthawi yomweyo ku Ulaya kumakhala kukutentha. Uthenga wotchula tsiku lenileni kupitirira milungu iwiri musautumize kwa ena.

Masiku asanu amakwanira zambiri

Paulo ali m'ndende ku Roma analembera Timoteo kuti amutengere chofunda chimene anachisiya ku Trowa, namuuza kuti ayesetse kufika nyengo yachisanu isanayambe. Nkhaniyi ili mu 2 Timoteo 4. Ankadziwa kuti chisanu chikayamba zombo zimaleka kuyenda, chofundacho sichingafikenso. Ifenso a Adventist kukonzekera si chinthu chachilendo, popeza timachita mlungu ndi mlungu. Chongofunika n'kukumbukira kuti mu Juni dzuwa limalowa cha m'ma 5:15 ku Blantyre, ndiye tsiku lokonzekera n'lalifupi, ndipo bulangete lochapidwa Lachinayi kapena Lachisanu likhoza kulowa m'Sabata lili lonyowa.

Ntchito yoyamba ndi ya dzuwa. Chapani ndi kuyanika zofunda, majuzi ndi matewera dzuwa likadalipo, ndipo lowetsani nkhuni pansi pa denga. Nkhuni zonyowa zimafuka utsi wambiri, utsiwo ndi umene umakathera m'mapapo mwa mwana amene ali kumsana. Yesani majuzi a ana lero kuti oti apatsirane apatsirane. Amene amamwa mankhwala a BP, shuga kapena mphumu awerenge otsala, akatenge ena kukadali kowala. Tsekani mipata ya mbali imene mphepo imachokera, kum'mwera chakum'mawa, koma musatseke nyumba yonse. Yalani mphasa kapena makatoni pansi pa malo ogona ana, chifukwa simenti imayamwa kutentha kwa thupi usiku wonse. Wogona pansi amapindula kwambiri ndi choyala kusiyana ndi chofunda chachiwiri.

Mayi Ellen White, m'buku la The Ministry of Healing la mu 1905, analangiza kuti manja ndi miyendo, pokhala kutali ndi mtima, zizivekedwa bwino, komanso kuti zipinda zogona zizilowa mpweya wabwino usana ndi usiku. Malangizo awiriwa timawaphwanya onse pamodzi. Pa Sukulu ya Sabata mu Juni mumaona kamtsikana katavala juzi yokhuthala koma miyendo ili pamtunda, kumapazi kuli masilipasi. Usiku timatseka paliponse, anthu asanu ndi awiri m'chipinda chimodzi. Chimfine, chibayo ndi TB zimayamba ndi tizilombo, ndipo tizilomboto timafala bwino m'chipinda chotsekedwa chotero. Dzuwa likangotuluka tsegulani mazenera.

Amayi a Dorika, nkhaniyi ikukukhudzani kwambiri. M'mipingo yambiri zovala ndi zofunda za osowa zimasonkhanitsidwa kuzizira kutafika kale, n'kugawidwa mu Julayi. Zikanasonkhanitsidwa mu Epulo, ndipo mayi mmodzi kapena mnyamata mmodzi wa foni akanapatsidwa udindo woyang'ana ulosi tsiku loyamba la mlungu uliwonse, chilengezo cha pa Sabata chikanatha kunena kuti Lachitatu kuzizira, tiyeni tikaone agogo akutiakuti mawa. Okalamba okhala okha nthawi zambiri sadandaula. Ena samva n'komwe kuti thupi lawo lazizira, amangooneka osokonezeka ndi atulo. Otsogolera achinyamata amene akukonza zokagona kutchire, kapena kwaya yoti iwoloke nyanja pa boti, ayang'anenso ulosi womwewo. Mwera ukalengezedwa, ulendo wa pamadzi udikire.

Mbaula

Makala akamayaka amatulutsa mpweya wa poizoni wotchedwa carbon monoxide. Ulibe fungo, ulibe mtundu, sutsokomoletsa. Anthu ambiri amakhulupirira kuti makala akayaka psuu, utsi utatha, ndiye kuti mbaula yakhala bwino kulowa m'nyumba. Ayi ndithu. Utsi umatha koma poizoniyo amatulukabe mpaka khala lomaliza litazima. Akalowa m'mapapo amakakamira ku magazi mwamphamvu kuposa kamene mpweya wabwino umakakamira, kuwirikiza koposa 200, ndiye magazi amayenda m'thupi osanyamula chimene ubongo ndi mtima zikufuna. Munthu amamva mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka. Amene ali m'tulo samva kanthu.

Zizindikirozi zimafanana ndi malungo, ndipo anthu ambiri amangomwa panado n'kubwerera kukagona m'chipinda chomwecho. Chokuthandizani kuzindikira n'chakuti anthu angapo a chipinda chimodzi amadwala nthawi imodzi, ndipo amapezako bwino akatuluka panja. Zikatero tsegulani zitseko, tulutsani aliyense, thamangirani kuchipatala, ndipo mukauze achipatala kuti m'chipindamo munali mbaula. Mkaka suchotsa poizoniyu, ndipo munthu wokomoka musamumwetse chilichonse.

Lamulo lake ndi limodzi: mbaula isagone m'nyumba. Otherani pakhonde kapena pamalo podutsa mphepo, ndipo ituluke musanagone. Lamuloli likukhudzanso alonda amene amakhala m'tinyumba tating'ono ta pageti, ndiponso abale athu a ku Johannesburg, kumene mzinda uli pamtunda wa mamita oposa 1,700 ndipo kumazizira kuposa kuno. Pa 10 Julayi 2023 kumeneko kunagwa chipale chofewa. Mukamawaimbira foni, afunseni chimene akutenthetsera chipinda. Pofundira bedi, botolo lolimba la madzi ofunda lokulungidwa m'nsalu limagwira ntchito popanda ngozi, bola lisakhudze khungu la khanda kapena mapazi a munthu wa shuga, amene akhoza kupsa osamva.

Moto wa nkhuni nawo uli ndi zake. Ino ndi nyengo imene ana ambiri amapsa, ena pogwera pamoto, ena ndi madzi osamba kapena phala. Munthu wodwala khunyu asaothe moto ali yekha. Wina akapsa, thirani madzi oyera ozizira pabalapo kwa mphindi 20. Kolugeti, dzira ndi mafuta zisafike pabala. Ndipo kwa achibale amene amati kachasu amafunditsa, auzeni kuti mowa umatsegula mitsempha ya pakhungu, munthu n'kumamva kufunda pomwe kutentha kwa m'kati kukutayika. Chofunditsa chenicheni ndi phala lotentha, mbatata, nyemba ndi madzi otentha a mandimu, ndipo manachesi amapsa nyengo yomwe ino.

Khanda

Mwa onse a pakhomo, amene ali pangozi yaikulu ndi khanda, makamaka lobadwa masiku asanakwane kapena lochepa sikelo. Kutentha kwake kuyenera kukhala pakati pa madigiri 36.5 ndi 37.5. Mutu wake ndi waukulu poyerekeza ndi thupi, ndiye popanda chipewa limataya kutentha kwambiri. A WHO amalangiza kuti mwana wongobadwa kumene asasambitsidwe mpaka patapita maola 24. Masiku a chiperoni, khanda lingopukutidwa ndi kansalu kofunda masana, chiwalo chimodzi chimodzi, kwina kuli kofunda. Thewera lonyowa lisinthidwe msanga. Likhudzeni pamimba ndi kumapazi ndi kuseri kwa dzanja lanu. Ngati mapazi azizira, liikeni pachifuwa panu khungu kukhudza khungu, mufunde nonse, liziyamwa pafupipafupi. Njira imeneyi, ya kangaru, inayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia mu 1978 chifukwa cha kuchepa kwa makina ofunditsira ana, ndipo bambo kapena agogo akhoza kulandizana ndi mayi. Ngati pamimba pomwe pazizira, kapena likukana bere, kapena likulira mofooka, pitani kuchipatala lili pachifuwa pomwepo.

Kwa ana okulirapo, chifuwa chimene chayamba m'masiku ozizira muzichiyang'anira mpaka mlungu wotsatira, chifukwa chibayo sichionekera tsiku lomwelo. Mwana ali phee, werengani kupuma kwake kwa mphindi yathunthu. Wosakwana miyezi iwiri akapuma ka 60 kapena kuposa, wa miyezi 2 mpaka 11 ka 50, wa chaka chimodzi mpaka zisanu ka 40, kapena ngati pansi pa nthiti pakulowa m'kati akamakoka mpweya, musadikire kuti kuche bwino. Katemera woteteza ku mtundu wina wa chibayo anayamba kuperekedwa m'Malawi muno mu 2011. Onani m'buku la kusikelo ngati mwana analandira yense. Ndipo thupi likatentha musangoti n'chimfine cha nyengo. Malungo samatha chifukwa kwazizira, kayezetseni.

Mitambo ikachoka

Chiperoni chikamatha anthu ambiri amapusitsika. Mawawa amaleka, mphepo imadeka, masana dzuwa limawala, ndipo timati zapita. Komatu usiku wozizira kwambiri ndi umene ukutsatirawo. Mitambo ija inali ngati chofunda chobweza kutentha kwa nthaka. Ikachoka, mpweya wotsalawo uli wozizira ndi wouma, kutentha konse kumathawira kumwamba, ndipo mbandakucha kumazizira kuposa masiku onse a nkhungu aja. Mukaona nyenyezi zili mbee, mphepo kulibe, pambuyo pa chiperoni, onjezerani chofunda pa ana ndi agogo.

Ndi usiku womwewu umene chisanu chimawaula tomato, nyemba ndi mbatatesi m'madimba a m'madambo a ku Dedza, Ntcheu ndi ku Viphya. Thirirani dimba masana, popeza nthaka yonyowa imasunga kutentha kuposa youma, ndipo madzulo phimbani mbewu zanthete ndi udzu kapena masaka, m'mawa n'kuvundukula. Anapiye alowetsedwe pamalo otchingika. Masiku a dzuwa amene akutsatira muwagwiritse ntchito poumitsa zonse zimene zinanyowa, chifukwa ku Cape mikuntho imadutsa motsatizana nyengo yonseyi, ndipo pa foni chiperoni chachiwiri chikhoza kukhala chitayamba kale kuoneka kumapeto kwa mzere wa masiku.